Tchipi cha FPGA: n'chiyani ndipo chimagwira ntchito bwanji

FPGA ndi kachipangizo kakang'ono ka magetsi, kapena kuti tchipi, komwe njira zake zamkati zimatheka kuzisintha ngakhale katachoka kale kufakitale. Matchipi ambiri amapangidwira ntchito imodzi yokha mpaka kutha kwake, koma FPGA amaiphunzitsa ntchito ina popanda kuichotsa m'makina.

Mkati mwake muli timagawo tambirimbiri tolumikizidwa ndi tinjira ta magetsi. Zili ngati dimba la ngalande zambiri: mlimi amatseka apa, natsegula apo, madzi n'kulowera kumene iye akufuna. Katswiri amalemba dongosolo lake pa kompyuta m'chinenero cha VHDL kapena Verilog, amaliyesa, kenako n'kulilowetsa mu tchipicho. Ma FPGA ambiri amaiwala dongosololi magetsi akazima, ndipo amaliwerenganso kuchokera m'kachipangizo kena kosungira nthawi iliyonse makina akayatsidwa.

FPGA yoyamba kugulitsidwa inali XC2064, yomwe kampani ya Xilinx ya ku United States inatulutsa mu 1985. Mmodzi mwa oyambitsa kampaniyi, Ross Freeman, ndiye anatulukira nzeruyi. Kampani ya Intel inagula Altera, yomwe inkapikisana ndi Xilinx, mu 2015, ndipo AMD inagula Xilinx mu 2022.

Masiku ano matchipiwa amapezeka m'makina a nsanja za netiweki ya mafoni, m'zida zoulutsira mawu, ndi m'makina ena ounikira odwala m'zipatala. Mlimi wa ku Fíngoè, likulu la boma la Marávia, akamafunsa mtengo wa chimanga pafoni kapena kulandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wake umadutsa m'makina a nsanja zotere. Kumadera akutali ndi mzinda wa Tete, kumene kubweretsa makina atsopano kumadya nthawi ndi ndalama, phindu lake ndi lakuti cholakwika cha m'dongosolo chingakonzedwe pongotumiza dongosolo latsopano.

Komabe FPGA ili ndi malire ake. Imakwera mtengo ndipo imadya magetsi ambiri kuposa tchipi chopangidwira ntchito imodzi. Ikapsa ndi mphenzi, dongosolo latsopano silingaidzutse. Ndiponso tchipi chatsopano chopanda dongosolo loyenera sichigwira ntchito. Choncho makina otere akawonongeka, musanalipire wokonza, mufunseni ngati ali ndi dongosolo lochokera kwa amene anapanga makinawo.