Mapu a Pakompyuta ndi Mabwinja a Makolo: Kuchokera ku Nkope Kufika kwa Ngokwe

Mawu Oyamba

Dera la Mfumu Ngokwe lili kumpoto chakum'mawa kwa boma la Machinga, m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Monga momwe zilili m'madera ambiri a dziko lino, mbiri ya malo otere imasungidwa pawiri: pakamwa pa akuluakulu ndiponso pansi panthaka. Ya pakamwa imapita ndi mwini wake kumanda ngati palibe woilemba. Ya m'nthaka nayo, monga mapale, mikanda, makala ndi zotsalira za ng'anjo, imatha pang'onopang'ono ndi khasu, chikombole cha njerwa, misewu ndi madzi osefukira. Nkhani ino ikulongosola momwe akatswiri ofukula zakale akhala akulembera malo a zinthu zoterezi m'Malawi, kuyambira nthawi ya pensulo kufikira nthawi ya kompyuta, ndiponso chifukwa chake ntchitoyi ikukhudza alembi, akonzi ndi aphunzitsi.

Nthawi ya Pensulo ndi Pepala

Kufukula n'kuwononga, pakuti dothi likachotsedwa silingabwezedwe monga linalili. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake wofukula weniweni amasiyana ndi wokumba wamba pa chinthu chimodzi: amalemba pamene chinthu chilichonse chapezeka, kuya kwake, ndi zimene chinagona nazo limodzi. Phale lopanda malo ake lili ngati mboni yoiwala kumene inali patsiku la mlandu.

Mu 1950 J. Desmond Clark anafukula m'mapanga a phiri la Hora ku Mzimba, ndipo mu 1965 ndi 1966 gulu lake linagwira ntchito pamudzi wa Mwanganda ku Karonga, pamene panapezeka mafupa a njovu pafupi ndi zida zamiyala. Mu 1967 boma linakhazikitsa dipatimenti yoona za zinthu zakale. M'zaka zomwezo Keith Robinson anafukula ku Nkope m'boma la Mangochi, nafalitsa zimene anapeza kummwera kwa nyanja ya Malawi mu 1970, ndi za m'chigwa cha Shire mu 1973. Kuchokera m'kafukufuku wa kummwera kwa nyanjaku munatuluka mayina amene ophunzira amawadziwa lero: miphika ya Nkope, ya alimi ndi osula zitsulo oyambirira a zaka za m'ma 300, ya Kapeni, ya Mawudzu, imene imagwirizana ndi nthawi ya Amaravi, ndi ya Nkhudzi, ya zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Pambuyo pake akatswiri a dziko lino anatenga ntchitoyi: Gadi Mgomezulu anafukula m'dera la Linthipe ku Dedza m'zaka za m'ma 1970, ndipo Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu la Kalonga, kumene kunapezeka mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China.

Ofukula a nthawi yoyambirirayo ankadalira tepi, kampasi, pensulo ndi mapu apepala a muyeso wa 1:50,000, amene anakonzedwa kuchokera pazithunzi zojambulidwa pandege. Pamapu otere milimita imodzi imaimira mamita 50. Motero kadontho ka pensulo ka mamilimita awiri kamaphimba mamita 100, malo otalika ngati bwalo la mpira. Wobwera pambuyo pa zaka 30 ankapeza mtengo umene unali chizindikiro utadulidwa ndipo mudzi utasamuka. Si kuti akatswiriwo anali osasamala ayi. Zida za nthawi yawo zinkalekezera pomwepo.

Kubwera kwa Kompyuta

M'zaka za m'ma 1960, Roger Tomlinson anakonzera boma la Canada njira yosungira mapu m'kompyuta, imene tsopano imatchedwa GIS. Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Mapu a mitsinje, a mitundu ya dothi, a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, a midzi ndi a mabwinja amasanjikizidwa ngati mphasa, koma mphasa zoonekera mkati, ndipo kadontho kalikonse kamamangirizidwa ku kaundula wonena zimene zinapezeka pamalopo. Wofufuza angathe kufunsa kompyuta kuti imuonetse mabwinja onse a miphika ya Nkope amene ali pasanathe kilomita imodzi kuchokera kumadzi, yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Kale funso lotere linkatenga masabata ndithu.

Zida zina zinatsatira. Mu 1972 dziko la America linaponya m'mlengalenga setilaiti yoyamba ya Landsat yojambula dziko lapansi, ndipo kuyambira mu 2008 zithunzi zake zimaperekedwa kwaulere. Mu 1995 dziko lomwelo linatulutsa zithunzi zachinsinsi za CORONA, zojambulidwa pakati pa 1960 ndi 1972, zimene zimaonetsa malo ambiri asanasinthidwe ndi matauni ndi minda. Mu Meyi 2000 boma la America linaleka kusokoneza dala mauthenga a GPS opita kwa anthu wamba, ndipo chipangizo cham'manja chimene chinkaphonya ndi mamita pafupifupi 100 chinayamba kuphonya ndi mamita owerengeka chabe. Google Earth inabwera mu 2005. Palinso LiDAR, njira yowombera kuwala kwa leza kuchokera pandege. Kuwala kwina kumapyola m'mipata ya masamba n'kukafika pansi, ndipo kompyuta imachotsa mitengo pachithunzi n'kusiya nthaka yokha. Njira imeneyi inaonetsa kukula kwenikweni kwa Caracol ku Belize mu 2009 ndi kwa Angkor ku Cambodia mu 2012, ndipo ku South Africa inathandiza Karim Sadr kuyeza mabwinja amiyala a Kweneng kummwera kwa Johannesburg. Ku yunivesite ya Cape Town, gulu la Zamani, limene Heinz Rüther analiyambitsa mu 2004, linayeza ndi leza makoma a Great Zimbabwe ndi a Kilwa.

Zida Zatsopano M'Malawi

Chitsanzo chomveka bwino cha kuno kwathu chili ku Karonga. Kuyambira mu 2009, gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi akatswiri a boma, linayenda m'zigwa za mitsinje ya m'bomalo likulemba malo a zida zamiyala ndi GPS, ndipo m'maenje ofukulidwa linkayeza malo a chida chimodzichimodzi ndi makina oyezera a leza. Litabwereranso pa Mwanganda, zotsatira zimene linafalitsa mu 2014 zinaonetsa kuti umboni wakuti anthu anasendera njovu pamalopo ndi zida zija sunali wolimba monga momwe anthu ankaganizira. Mu 2021 gululi linaphatikiza zofukulidwa kumtunda ndi matope amene anatengedwa pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005, ndipo linapeza umboni wakuti zaka pafupifupi 85,000 zapitazo anthu anali atayamba kale kusintha nkhalango ndi moto. Lupsa, tsono, ali ndi mbiri yaitali kwambiri m'dziko muno.

Ku Dedza, dera la Chongoni linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala m'dera la masikweya kilomita 126. Malo ochuluka chotero sangasamalidwe popanda mapu odalirika osonyeza phanga lililonse ndi malire ake. Mu 2013 nyumba ya British Museum ku London inayamba kuika pakompyuta zithunzi pafupifupi 25,000 za zojambula pamiyala za mu Africa, kuphatikizapo za ku Malawi, ndipo mphunzitsi wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene ali ndi intaneti angathe kuzionetsa ophunzira ake.

Phindu Lake kwa Ngokwe ndi ku Balaka

Mayina otchuka a mabwinja a dziko lino ndi a ku Karonga, Mzimba, Dedza ndi Mangochi. Koma mpata wopanda kadontho pamapu sutanthauza kuti panalibe anthu. Nthawi zambiri umangotanthauza kuti wolemba sanapondepo. Dera la pakati pa Shire ndi Chiuta lili ndi zifukwa zitatu zoyenera kuliyang'ana ndi maso atsopano.

Choyamba ndi madzi. Kalekale Chilwa ndi Chiuta zinali nyanja imodzi, ndipo lero zimalekanitsidwa ndi mtumbira wautali wamchenga. Madzi a Chiuta amapita ku Amaramba, n'kulowa mumtsinje wa Lugenda umene umathira mu Rovuma, pamene a Chilwa alibe kotulukira. Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Shire nayenso analeka kulandira madzi a m'nyanja ya Malawi kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, anthu n'kumalima pamene tsopano pali nyanja ya Malombe. Popeza asodzi ndi alimi amatsata madzi, midzi yakale iyenera kufunidwa pamagombe akale, osati a lero okha. Mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka amatha kuonetsa magombe oterewo ngakhale ali kutali ndi madzi.

Chachiwiri ndi njira zamalonda. M'zaka za m'ma 1800 Ayao anakhazikika m'dera lino kuchokera kum'mawa, ndipo amtengatenga a minyanga ya njovu ndi akapolo ankadutsa kupita kunyanja yamchere. David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Mfumu Kawinga inali ndi linga lake paphiri la Chikala kufikira pamene Angerezi anaigonjetsa mu 1895. Kompyuta ikapatsidwa mapu a mapiri, madambo ndi mitsinje, imatha kuwerengera njira yosavuta kwa munthu woyenda pansi atasenza katundu, ndipo wofufuza amadziwa poyambira kufunsa ndi kuyang'ana.

Chachitatu ndi chitukuko. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970 ndipo inakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010. Ntchito ngati zimenezi zimasuntha dothi lambiri. Womanga msewu sangapewe bwinja limene silili pamapu ake. Chimodzimodzinso, mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inaonetsa kuti madzi angathe kukokolola pausiku umodzi nthaka imene inakhala zaka mazanamazana.

Komabe zida zimenezi zili ndi polekezera. Makolo a dera lino ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, osati ndi miyala ngati a ku Kweneng, choncho nyumba zawo sizioneka pachithunzi cha setilaiti. Kachigawo kamodzi ka chithunzi cha Landsat kamaimira mamita 30 mulitali ndi mulifupi, ndipo phale silingaonekemo. Kompyuta imaloza koyenera kupita, koma wopeza phale ndi munthu woyenda m'mizere chimanga chitakololedwa, ali ndi mkulu wa pamudzi womuuza kuti apa panali bwinja la agogo, apo panali manda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayina ndi Kalembedwe

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pa alembi ndi akonzi. Munthu amazindikira kuti Shirwa wa m'mabuku a atsamunda ndi Chilwa yemweyo, kuti Fort Johnston ndi Mangochi, kuti Ncheu ndi Ntcheu, Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje. Kompyuta siizindikira zimenezi pokhapokha itauzidwa. Boma la Machinga linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka inakhala boma palokha mu 1998. Motero bwinja limodzi la ku Utale likhoza kupezeka m'makalata atatu pansi pa maboma atatu, kaundula n'kuliwerenga katatu kapena kulitaya kumene. Ngakhale chilembo cha ŵ chikhoza kulekanitsa Malaŵi ndi Malawi m'makina ena. Kaundula wabwino, tsono, ayenera kukhala ndi dzina limodzi lovomerezeka, mayina onse akale, ndi katchulidwe ka eni dera. Kwa Ngokwe, kumene anthu ambiri amalankhula Chiyao, dzina la phiri kapena dambo lilembedwe monga eni ake amalitchulira, pakuti dzina losinthidwa kuti limveke Chichewa limataya tanthauzo limene likanathandiza wofufuza.

Manambala nawo ali ndi zilankhulo zawo. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pamaziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imatsata WGS 84. Wokopera manambala a mapu akale osawatembenuza akhoza kusuntha bwinja ndi mamita oposa 100. Mkonzi akaona manambala a malo m'nkhani afunse maziko ake.

Pa mawu a ntchitoyi, Chichewa sichili chimanjamanja. Bwinja, dzala, phale, ng'anjo, linga, phanga ndi kachisi ndi mawu akale omveka bwino, ndipo aliyense ali ndi tanthauzo lakelake, wolemba asawasakanize. Mapu, kompyuta, setilaiti ndi intaneti anakhazikika kale. GIS, GPS ndi LiDAR angathe kukhala momwemo, bola wolemba alongosole ntchito yake powatchula koyamba.

Mawu Omaliza

Mapu olondola ndi mpeni wakuthwa konsekonse: amatsogolera wosamala, amatsogoleranso wakuba. Lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kufukula popanda chilolezo, ndipo wopeza chinthu chakale ayenera kudziwitsa boma. Choncho mkonzi asasindikize manambala enieni a manda kapena kachisi popanda kumvana ndi mafumu ndiponso dipatimenti yoyang'anira zakale. Mphunzitsi amene ophunzira ake atola mapale m'munda awaphunzitse kuwasiya pomwepo, kujambula chithunzi, kulemba malo pafoni ndi kufunsa akuluakulu dzina la malowo. Zinthu zinayi zimenezi zikachitika m'sukulu za kwa Ngokwe, kwa Kawinga, kwa Nsamala ndi kwa Kalembo, mipata imene ili pamapu a mbiri ya Machinga ndi Balaka idzayamba kudzaza, ndipo idzadzaza ndi mayina olembedwa ndi eni ake.