James Earl Jones, Wachibwibwi Amene Dziko Lidamdziwira Mawu

Pakati pa anthu a ku America amene adatchuka ndi zisudzo za m'mafilimu ndi za pa wailesi yakanema, ndi ochepa amene ankazindikirika ndi mawu awo kuposa nkhope zawo monga James Earl Jones, yemwe adabadwa pa 17 Januwale 1931 ku Arkabutla, m'chigawo cha Mississippi, ndi kumwalira pa 9 Sepitembala 2024 ali ndi zaka 93. Anthu ambiri amamkumbukira chifukwa cha Darth Vader wa m'mafilimu a Star Wars ndi mkango Mufasa wa mu The Lion King, ntchito zimene adazigwira atangoima pa maikolofoni nkhope yake osaoneka, koma zimenezi zidangotenga kachigawo kakang'ono ka zaka zoposa 60 zimene adakhala m'zisudzo. Luso lake lidakhwimira pa siteji, pamaso pa anthu, ndipo gwero lake lidali vuto la chibwibwi limene sadathane nalo kwenikweni mpaka ukalamba.

Bambo ake, Robert Earl Jones, adachoka pabanja mwanayo asadawadziwe, ndipo atayesako nkhonya adadzakhala wochita zisudzo. Ali ndi zaka 5, mnyamatayo adatengedwa ndi agogo ake akuchikazi, John Henry ndi Maggie Connolly, amene adasamukira kumunda wina m'chigawo cha Michigan, kumpoto kwa dzikolo. Kusamukako kudali mbali ya ulendo waukulu wa anthu akuda mamiliyoni angapo amene adathawa malamulo atsankho ndi umphawi wa m'minda ya thonje ya kummwera. Kwa mwanayo kusiyana ndi kwawo kudali kopweteka, ndipo adayamba chibwibwi chachikulu kotero kuti kwa zaka pafupifupi 8 sankalankhula kusukulu kapena pamaso pa alendo, ankangoyankhula pang'ono ndi abale ake ndi ziweto za pakhomo.

Zinthu zidasintha kusekondale ya ku Brethren, kumene mphunzitsi wa Chingerezi, Donald Crouch, adaona kuti wophunzira wosalankhulayu amalemba ndakatulo. Jones atapereka ndakatulo yake yonena za manyumwa, mphunzitsiyo adachita ngati akukayika kuti ndi yakedi, namuuza kuti njira yokhayo yotsimikizira ndiyo kuilakatula pamtima pamaso pa anzake onse. Mnyamatayo adaima nailakatula mpaka kumapeto osakakamira pa liwu lililonse. Akatswiri a zolankhula amadziwa kuti achibwibwi ambiri savutika poimba kapena ponena mawu oloweza amene ali ndi kayendedwe kake, pakuti sakhala akufunafuna liwu lotsatira uku akulankhula. Ichi ndicho chimafotokoza ntchito yonse ya Jones: mawu olembedwa ndi munthu wina ankammasula lilime, ndipo popeza liwu lililonse ankalipeza movutikira, ankalitchula mosamala ndi mosathamanga, zimene omvera adazimva ngati ulemerero wachibadwa.

Adapita ku University of Michigan ndi cholinga chophunzira udokotala, koma adasinthira ku zisudzo, ndipo atatumikira kwa kanthawi monga msilikali adalandira digiri yake mu 1955. Kenaka adapita ku New York, kumene adakumana ndi bambo ake, nayamba kuphunzira ku American Theatre Wing uku akugwira ntchito yokolopa ndi kupukuta pansi kuti apeze chakudya. Mu 1958 adaoneka mu sewero la Sunrise at Campobello ku Broadway, dera la mzindawo kumene kuli nyumba zikuluzikulu za zisudzo, koma sukulu yake yeniyeni idali gulu la Joseph Papp, limene linkaonetsa masewero a Shakespeare kwaulere panja, m'paki. Kumeneko wochita sewero amayenera kufikitsa mawu kwa munthu wokhala kumbuyo kwenikweni, mphepo ikuwomba ndi magalimoto akudutsa, ndipo mawu abesi amene Jones adabadwa nawo adaphunzira kunyamula chiganizo chachitali osataya tanthauzo lake. Adasewera Othello mu 1964, chaka chomwecho chimene adaonekera koyamba mufilimu, Dr. Strangelove ya Stanley Kubrick, monga mmodzi wa asilikali a m'ndege yonyamula bomba la nyukiliya.

Dzina lake lidamveka ponseponse ndi sewero la Howard Sackler lotchedwa The Great White Hope, limene lidayambira ku Washington mu 1967 ndi kufika ku Broadway mu 1968. Seweroli lidachokera pa moyo wa Jack Johnson, munthu wakuda woyamba kukhala katswiri wa dziko lonse pa nkhonya za anthu olemera thupi, ulemu umene adautenga mu 1908, ndipo boma lidamtsutsa mlandu mu 1913 makamaka chifukwa cha maubwenzi ake ndi akazi achizungu. Jones adameta mpala, adalimbitsa thupi, nasewera munthu wonyada, woseka mokweza, wokana kupepesa kwa aliyense, ndipo anthu oonera, amene panthawiyo ankatsatira nkhani ya wankhonya Muhammad Ali atalandidwa lamba wake chifukwa chokana usilikali, sadavutike kuona kufanana kwa anthu awiriwa. Adapata mphoto ya Tony, imene imaperekedwa kwa akatswiri a zisudzo za ku Broadway, mu 1969, ndipo filimu ya seweroli ya mu 1970 idamuika pamndandanda wa opikisana pa Oscar ya mwamuna wosewera bwino koposa, kukhala wakuda wachiwiri kufika pamenepo pambuyo pa Sidney Poitier.

Poyerekeza ndi khama lonseli, ntchito imene idamtchukitsa kwambiri idali yaing'ono modabwitsa. Mu Star Wars ya mu 1977, amene adavala chovala chakuda ndi chigoba cha Darth Vader adali David Prowse, munthu wamtali wa ku Bristol, ku England, koma wotsogolera filimuyo, George Lucas, adaona kuti kalankhulidwe kake sikoopsa mokwanira, choncho adaitana Jones kuti adzajambule mawu okha. Ntchitoyo idatenga maola ochepa, malipiro adali madola 7,000, ndipo iye mwini adapempha kuti dzina lake lisalembedwe, poganiza kuti wangothandizira pang'ono pa ntchito ya mnzake. Dzinalo lidadzalembedwa mu 1983, mu Return of the Jedi. Choyenera kuzindikira n'chakuti kuopsa kwa Vader sikudalira kukuwa: Jones adagwiritsa ntchito mawu osakwera kapena kutsika kwambiri, a munthu amene sadayembekezepo kuti wina angamtsutse.

Pa wailesi yakanema adali m'gulu la akuda oyambirira kupatsidwa gawo lokhalitsa m'masewero a tsiku ndi tsiku a masana, posewera dokotala mu As the World Turns m'ma 1960. Mu 1979 adasewera wolemba mabuku Alex Haley mu Roots: The Next Generations, ndipo mu 1991 adapata mphoto ziwiri za Emmy, zimene ndi za wailesi yakanema, usiku umodzi: ina ya Gabriel's Fire, nkhani ya wapolisi wakale wotuluka kundende, ina ya Heat Wave, yonena za zipolowe za ku Watts mu 1965. Kwa zaka zambiri mawu ake ndiwo ankalengeza dzina la wailesi yakanema ya CNN. Komabe gawo limene odziwa zisudzo amalitama koposa ndi la Troy Maxson mu Fences ya August Wilson, mu 1987, bambo wotola zinyalala mumzinda wa Pittsburgh amene tsankho lidamtsekera mwayi wa masewera, ndipo kuwawidwa mtima kwake amakuthira pa mkazi ndi mwana wake. Gawoli lidampatsa Tony yachiwiri.

Ubale wa Jones ndi Africa udali wa mitundu iwiri, ndipo wodziwika kwambiri ndiwo wosazama. Mfumu Jaffe Joffer ya mu Coming to America ya mu 1988 imalamulira Zamunda, dziko longopeka, ndipo Mufasa wa mu 1994 ndi mfumu ya nyama m'chipululu mopanda anthu. M'mafilimu onse awiriwa mfumukazi adali Madge Sinclair wa ku Jamaica. Iyi ndi Africa monga Hollywood idaifunira, ngakhale kuti Jones adaipatsa ulemu umene mafilimu akale sankaupereka kwa munthu wakuda. Africa yeniyeni adaifikira kudzera mwa Athol Fugard wa ku South Africa, amene masewero ake otsutsa ulamuliro watsankho adawasewera ku New York kuyambira ndi The Blood Knot mu 1964, kenaka Boesman and Lena mu 1970 pamodzi ndi Ruby Dee, ndi A Lesson from Aloes mu 1980. Mu 1995, patangotha chaka Nelson Mandela atakhala pulezidenti, adasewera mbusa Stephen Kumalo mu Cry, the Beloved Country, filimu ya Darrell Roodt yochokera m'buku la Alan Paton la mu 1948. Mbusayu, amene amachoka kumudzi kukafunafuna mwana wake ku Johannesburg n'kukampeza atapha mzungu, ndi munthu wofooka ndi wamanyazi, ndipo Jones adayenera kutsitsa mawu amene anthu ankamdziwa nawo, makamaka pamene akumana ndi bambo wa wophedwayo, amene adamsewera ndi Richard Harris, n'kumasowa poyambira. Nkhani ya mwana wosowera kumigodi ndi m'makomboni a ku Joni si yachilendo kwa mabanja a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Adapitiriza kusewera pa siteji atapitirira zaka 80. Oscar yaulemu ya mu 2011 adailandirira ku London, kuchokera m'manja mwa Ben Kingsley, atangomaliza kusewera Driving Miss Daisy ndi Vanessa Redgrave, ndipo mu 2022 nyumba ya zisudzo ya Cort ku Broadway idasinthidwa dzina kukhala James Earl Jones Theatre. M'chaka chomwecho zidadziwika kuti adalola kampani ya Lucasfilm kupanga mawu a Vader ndi kompyuta kuchokera ku zimene adajambula kale, ndipo kampani ya ku Ukraine yotchedwa Respeecher idachita zimenezi mu sewero la pakanema la Obi-Wan Kenobi. Chilolezocho chidabwera pamene ochita zisudzo ambiri ankaopa kuti makina adzawalanda ntchito, nkhani imene idali pakati pa zifukwa za sitalaka ya bungwe lawo la SAG-AFTRA mu 2023. Jones adamwalira kunyumba kwake ku Pawling, m'chigawo cha New York, ndipo mu 2025, mawu a Vader opangidwa ndi kompyuta ataikidwa m'masewera a Fortnite movomerezedwa ndi banja lake, bungwelo lidakadandaula kuboma kuti opanga masewerawo sadakambirane nalo za anthu amene akadagwira ntchitoyo.