Tanthauzo la mawu: pulagini

Pulagini ndi kapulogalamu komwe amakalumikiza ku pulogalamu yaikulu kuti izichita zimene siinkachita. Pakokha sikagwira ntchito. Mlimi wa ku Mponela kapena ku Malomo sangavutike kumvetsa: ng'ombe ndi goli n'zomwezo, koma lero amangirirako pulawo, mawa ngolo.

Mawuwa amamveka kwambiri pa maseva a masewera. Pa Minecraft, mwini seva amaika pulagini yolembedwa mu Java kuti iteteze nyumba za osewera kapena itsegule msika. Roblox imagwiritsa ntchito Luau, mphukira ya Lua, chinenero cha kompyuta chomwe chinayambira ku Brazil mu 1993.

Pogona nkhani ndi polumikizira, pomwe amati API. Wokonza API amasankha zomwe seva iziuza pulagini, monga kuti wosewera walowa kapena waswa mwala, komanso zomwe pulagini isakhudze n'komwe. Akatsegula zonse, pulagini imodzi yolakwika imagwetsa seva, osewera onse n'kuthothoka. Akatsekereza kwambiri, olemba mapulagini amagwa ulesi. Ine ndimakonda API yaing'ono koma yosasinthasintha, ndipo achinyamata ophunzira kulemba mapulogalamu ku TakenoLAB, ku Dzaleka, ndingawalangize kuti ayambire pamenepo.