Malalanje a ku Mangunda

Mwezi wathawu ndinapita kwathu ku Khonjeni kukaona mayi. Madzulo tili pakhonde, mwana wa achemwali anga, amene wangokhoza kumene MSCE, anandifunsa kuti, "Malume, ine ndikufuna upolisi. Ndiyambe ndapita ku yunivesite, kapena ndingodikira akalengeza kuti akulemba anthu ndithamangire ku Kanjedza?" Ndisanayankhe, mayi anaika pansi lichero la nandolo n'kunena kuti, "Upolisi iwe? Ukufuna uzikathamangitsa abale ako m'minda ya tiyi?" Mtsikanayo anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa ndikudziwa kumene mantha a mayi anachokera. Iwo anali kamtsikana mu 1953, ndipo chaka chimenecho sichinawachokebe m'mutu.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Atsamunda atangofika, panalibe gulu limodzi la apolisi la dziko lonse. Boma lililonse linali ndi asikali ake omvera bwana wa pabomapo, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kutolera msonkho ndi kugwira anthu ozemba ntchito. Kuno ku Thyolo, kumene azungu ankati Cholo, malo ambiri abwino anali m'manja mwa eni maesiteti. Makolo athu, makamaka Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, ankakhala pamalowo pogwira thangata. Ndiye msikali akatulukira m'mudzi, aliyense ankadziwa kuti wabwera m'malo mwa bwana.

John Chilembwe ataukira atsamunda mu 1915, boma linaona kuti asikali a m'maboma aja sakukwanira. Mu 1921 linakhazikitsa Nyasaland Police, likulu lake ku Zomba, ndipo woyamba kuitsogolera anali Major Stephens, amene anachokera ku polisi ya ku Southern Rhodesia. Ambiri mwa apolisi oyambirirawo anali anthu amene anakhalapo asilikali a KAR. Maphunziro awo kwenikweni anali perete, mfuti ndi kumvera. Zofufuza milandu ndi kudziwa malamulo zinkatsalira m'mbuyo, ndipo maudindo onse akuluakulu anali a azungu.

Tsopano tifike pa 1953. Chaka chimenecho atsamunda anatilowetsa mokakamiza m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu anali okwiya kale ndi thangata, kusowa kwa minda, komanso malamulo a malimidwe amene ankalipiritsa munthu chifukwa cha mizere ya m'munda mwake. M'mwezi wa Ogasiti, pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, pamene sitima yochoka kwathu kuno inkadzera popita ku Limbe, eni ake, a banja la Tennett, anagwira anthu awiri akuba malalanje. Mbiri inawanda m'midzi yakuti anthuwo aphedwa, ndipo mawu oti chifwamba anali pakamwa pa aliyense. Khamu linasonkhana pa esitetipo, apolisi anabwera, ndipo moto unabuka. Anthu anatseka misewu, anadula mawaya a telefoni, antchito ananyanyala, mpaka chipwirikiticho chinafalikira ku maboma ena a m'chigawo cha kumwera. Apolisi a kuno analephera, boma n'kuitanitsa ena ochokera kunja kwa dziko. Zonse zitatha, anthu akuda 11 anali atafa.

Mayi satchula manambala. Iwo amangokumbukira kuti usiku wina anagona kutchire, agogo atawatseka pakamwa kuti asalire. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi phunziro limene boma linatengapo. Nkhani ya malo linaiyendetsa pang'onopang'ono, moti thangata anadzatheratu cha m'ma 1960. Za ndodo ndiye linafulumira: mu 1954 linakhazikitsa Police Mobile Force, gulu lophunzitsidwa kubalalitsa anthu. Zaka zisanu pambuyo pake, pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika pa ngozi, Dr Kamuzu Banda ndi anthu mazanamazana a Congress n'kumangidwa. Woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, atabwera kudzafufuza, analemba kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene anakwiyitsa boma la ku London.

Ufulu unabwera mu 1964, azungu anachoka m'maudindo pang'onopang'ono, koma chizolowezi chotumikira wolamula chinatsala. Akuluakulu a msinkhu wanga akukumbukira momwe tinkanong'onezerana tikamva dzina la Special Branch, komanso mphamvu za a Payoniya. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa boma litasintha mu 1994 linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi.

Kuyambira 1994 malamulo anasintha ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Lamulo la apolisi la 2010 linaika bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu okhudza apolisi. Kunabweranso upolisi wa m'madera ndi maofesi othandiza amayi ndi ana ochitiridwa nkhanza. Komabe pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ndi zipolopolo. Lamulo lolembedwa silimulowa msanga munthu amene anaphunzitsidwa kuti kufunsa ndi mwano.

Apa m'pamene funso la mtsikana uja likulemera. Lero wofuna upolisi amakaphunzira ku Kanjedza ku Limbe kapena ku Mtakataka, ndipo ku Zomba kuli Police College. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za chitetezo mpaka digiri, ndipo ku Chancellor ku Zomba kuli sukulu ya zamalamulo. Digiri payokha siipanga wapolisi wabwino, paja tawaonapo ophunzira kwambiri akulandira ziphuphu. Koma munthu amene wakhala pansi n'kuwerenga chifukwa chimene anthu amapalamulira, momwe umboni umasungidwira ndi malire a mphamvu zake, amakhala ndi poimira tsiku limene bwana wamulamula zolakwika. Asikali a mu 1921 mwayi umenewo analibe.

Ndinamuyankha motere: "Iwe, ndalama za yunivesite chaka chino palibe, usanamizidwe. Akalengeza kalembetse. Ukalowa, usakasiye mabuku, ine ndidzathandiza fizi ya digiri pang'onopang'ono. Koma usanapite, khala pansi ndi agogo akowa akufotokozere za ku Mangunda." Mayi sanavomere, sanakanenso. Anatola lichero lawo n'kumuuza kuti m'mawa alawire limodzi kumunda, akamusonyeze pamene anagona usiku uja. Ine ndinabwerera ku Limbe ndisanamve zimene anakambirana. Dzulo wanditumizira uthenga kuti ndimufunire buku la malamulo aakulu a dziko lino, la m'Chichewa ngati lilipo, eti akufuna aziwawerengera agogo akewo.