6 Julayi: tsiku ndi limodzi, koma zaka zake ndi zambiri

Lero sindikamba za mtengo wa chimanga, ngakhale mavenda afika kale ndi masikelo awo. Ndikamba za mkangano umene unabuka dzana pakhomo panga, tili pamphasa kutong'ola chimanga.

Mphwanga wa Fomu 3 uja anati Kamuzu anatsika ndege pa 6 Julayi n'kulandira ufulu tsiku lomwelo. Alamu anga anati ayi, 6 Julayi ndi tsiku limene dziko lino linakhala ripabuliki. Mayi a kunyumba anati iwo akamva 6 Julayi amangokumbukira ana aja anafera pa sitediyamu ku Lilongwe. Anakokanakokana mpaka nsima inapola. Komatu aliyense anagwira mbali yake yoona. Chinawasokoneza ndi zaka.

Tiyambe ndi 1958. Pa 6 Julayi chaka chimenecho, tsiku Lamulungu, Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Anachoka ku Kasungu ali mnyamata, anagwirako ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, udokotala anakaphunzira ku America ndi ku Edinburgh, ndipo anachiza anthu ku London ndi ku Ghana. Amene anamuitana ndi anyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Iwowa anaona kuti mafumu ndi akuluakulu sangamvere anyamata okhaokha, pafunika munthu wa imvi, wophunzira, woti mzungu sangamuderere. Munthuyo anafika Chichewa chitamuthawa pakamwa, moti pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira.

Nanga anthu a kumudzi ankamuvinira chifukwa chiyani munthu woyankhula kudzera mwa womasulira? Mabuku a kusukulu amati chifukwa cha chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda anakhazikitsa mu 1953 eni dziko akukana. Nzoona. Koma malemu agogo anga akamafotokoza, chitaganya ankachitchula pomaliza. Choyamba chinali malimidwe. Boma la atsamunda linaika malamulo a kalimidwe: mizere izipingasa phiri, akalozera azikumbidwa, mapesi a thonje ndi ziputu za fodya zizizulidwa pofika tsiku lakuti. Ukalephera, kukhoti, chindapusa kapena ndende, mwinanso mbewu zako kuzulidwa iwe ukuona. Kumwera, ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kunalinso thangata, kugwirira ntchito mwini esiteti kuti akulole kukhala pa nthaka imene makolo ako ankalima. Mlimi akamakuwa "Kwacha" ankaganiza za munda wake.

Ndidutsireko pang'ono apa: mizere yopingasa yomweyo ndi imene tikulima lero, ndipo amene munda wake uli potsetsereka akudziwa zimene madzi amachita akalozera akasowa. Malangizowo sanali opusa ayi. Chinalakwika ndi kuwabweretsa ndi chikoti.

Ufulu sunabwere tsiku lotera ndege lija, mphwanga. Panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pakati pake panakhetsedwa mwazi. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, linagwira atsogoleri a Congress, Kamuzu n'kumutumiza ku ndende ya Gwelo, lero amati Gweru. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu amene anasonkhana padoko pofuna kuti abale awo amasulidwe. Kamuzu anatuluka pa 1 Epulo 1960. Chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho cha mu 1961, iye anakhala nduna yaikulu mu Febuluwale 1963, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala chaka chomwecho.

Ndiye kunabwera 6 Julayi 1964. Pakati pa usiku, pa bwalo la masewera ku Blantyre limene pambuyo pake linatchedwa Kamuzu Stadium, mbendera ya Britain inatsika, inakwera yathu yakuda, yofiira ndi yobiriwira, ya dzuwa lotuluka. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, analipo. Mwana wa mlongo wanga amene ali ku Leeds amandiuza kuti kumeneko Julayi ndi nyengo yotentha, dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Ndiye mlendoyo anachoka kwawo kukutentha n'kudzaima panja pakati pa usiku wa Julayi wa ku Blantyre. Inu a ku Ndirande ndi ku Chilomoni mukuchidziwa chisanu chimenecho. Kuti tsikuli linagwera ndendende pa tsiku limene Kamuzu anatera pa Chileka, ine sindikhulupirira kuti zinangochitika. Tsiku la dziko analimangirira ku tsiku la munthu mmodzi, ndipo zimene zinatsatira zikuonetsa.

Chisangalalo sichinathe ndi miyezi itatu. Mu Sepitembala 1964 nduna zinayambana ndi Kamuzu. Mwa zifukwa zake, chimodzi chinali cha ife anthu wamba: tiki, kandalama kamene boma linati odwala azilipira ku chipatala. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Anyamata omwe aja anamuitana, ambiri anathera kunja kwa dziko.

Alamu anga sananame. Kuyambira 1964 mpaka 1966 Mfumukazi inali idakali mutu wa dziko lino, ndipo woiimirira anali bwanamkubwa Sir Glyn Jones. Pa 6 Julayi 1966 mpamene Malawi anakhala ripabuliki, Kamuzu n'kukhala pulezidenti woyamba. Chimene alamu anaiwala n'chakuti malamulo omwewo ndi amene anatseka zipani zina zonse, kutsala chimodzi. Pa 6 Julayi 1971 analumbiranso, tsopano ngati pulezidenti wamuyaya. Mwaona mmene tsikuli linkagwirira ntchito? Sitepe iliyonse yokwera ankaikwera pa 6 Julayi, anthu akuvina.

Tsono ine monga mlimi ndimawerengera chonchi. Thangata anatha, izo nzoona, ndipo mlangizi analeka kubwera ndi mesenjala. Misewu inamangidwa, likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Koma mu 1971 kunabwera ADMARC, ndipo mlimi wamng'ono mbewu zake zambiri ankagulitsa kumeneko pa mtengo umene iwo anena. Mu 1972 lamulo linaika fodya wa bale m'manja mwa eni maesiteti okha. Wa kumudzi ukafuna bale unkakalowa utenanti, apo ayi uzilima wa chikopa. Mpaka cha m'ma 1990 mpamene anatilola. Ndipo ife akuluakulu tikukumbuka kuti pa chipata cha msika kapena pokwera basi ankayamba afunsa khadi la chipani. Sindikunena izi kuti ndinyoze aliyense, inu a chipani ichi kapena icho musandidzere ku inibokosi. Ndikungoti ufulu umene unafika pa sitediyamu usiku umodzi, kumunda unafika pang'onopang'ono, kwina mochedwa ndithu.

Za mayi a kunyumba ndi za 2017. Pa 6 Julayi, dziko likukwanitsa zaka 53, anthu anakhamukira ku Bingu National Stadium kukaonera mpira waulere wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsekulidwa, khamu linapanikizana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, anthu anapondana. Anafa anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ana. Mayi anati, "Bambo, ana amenewo anadzuka m'mamawa atasamba bwinobwino." Pamphasa panangoti zii. Patapita zaka zitatu, mu 2020, mwambo waukulu wolandira Dr Lazarus Chakwera unayenera kuchitikira pa sitediyamu yomweyo pa 6 Julayi, koma chifukwa cha Covid-19 unachitikira ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa.

Mphwanga atagonja, anatenga foni kuti aone ngati tsikuli ndi lathu tokha. Si lathu tokha. Zilumba za Comoros, kuseri kwa Mozambique uko, zinadzilengeza zaufulu kuchoka kwa France pa 6 Julayi 1975. Ku Nigeria, nkhondo ya Biafra inayamba pa 6 Julayi 1967, ife tikukondwerera chaka chachitatu.

Koma imene inandigwira mtima ndi ya 1885, ku Paris. Mayi wina wa ku Alsace anafika ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, atalumidwa malo ambiri ndi galu wachiwewe. Masiku amenewo matendawa akangoyamba, munthu ankangodikira maliro, ndipo mpaka lero zizindikiro zikaoneka palibe mankhwala. Louis Pasteur anali ndi katemera amene anamupanga poumitsa fupa la msana, kapena tinene mtsempha wa m'kati mwake, wa akalulu odwala chiwewe. Anali atamuyesa pa agalu. Iye sanali dokotala wa anthu, choncho jekeseni woyamba anabaya ndi dokotala mnzake, madzulo a pa 6 Julayi. Mwanayo analandira majekeseni 13 ndipo sanadwale. Atakula anakagwira ntchito yoyang'anira pakhomo pa Institut Pasteur pomwepo.

Nditamva zimenezo ndinakumbuka kuti agalu anga awiri chaka chino sanabayitse. Amene mwamva tsiku limene a zaziweto abwere ku dera lathu, lembani m'munsimu. Ndipo a m'tauni amene munalonjeza matumba, chimanga tamaliza kutong'ola, chili pamphasa.