Chinkhoswe cha ku Chirimba ndi nyumba ya ku Johannesburg

Pa wailesi yathu kuno ku Mambwe, tsiku limene foni simapuma ndi limene tikamba za chuma cha masiye. Mayi wina amaimba kuchokera ku Mfuwe, wina kwa Jumbe, koma nkhani imakhala imodzi: takhala zaka khumi, mwamuna wamwalira, achibale ake abwera kudzatenga njinga ndi malata. Lamulo la Zambia la mu 1989 limagawa chuma cha munthu womwalira wosalemba wilu motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa amene ankadalira malemuyo. Koma kuti muwerengedwe ngati mkazi wake pafunika chikwati, kaya cholembetsa ku boma kapena cha mwambo chimene ankhoswe a mbali zonse amachidziwa. Ngati munangolowana, 20 uja si wanu.

Funso loti munthu amene mwakhala naye popanda chikwati ndi ndani pamaso pa lamulo linafika m'makhoti akuluakulu kudzera mwa anthu amene ambiri a ife sitikonda kuwatchula, amuna okhala ndi amuna anzawo komanso akazi okhala ndi akazi anzawo. Ndikudziwa ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Pitirizani kuwerenga, chifukwa nkhaniyi ikathera kwa mayi wofanana ndi aja oimba foni.

Tiyambire kwa aneba athu ku Malawi. Pa 26 Disembala 2009, ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe anthu akuonerera. Tiwonge anabadwa mwamuna koma ankadziona komanso kukhala ngati mkazi. Patangopita masiku awiri anawamanga. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawagamula kuti akakhale kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga. Pa 29 Meyi, pamene mkulu wa United Nations Ban Ki-moon anali m'dzikomo, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Awiriwa sanapite kwa DC kukapempha pepala. Anadzera njira yathu yomwe ija, ya chinkhoswe, imene imauza mudzi kuti awa tsopano ndi banja. Atatuluka anasiyana, ndipo Tiwonge anakapeza pothawira ku South Africa.

Mu 2015 Malawi inapanga lamulo latsopano la maukwati limene limavomereza kuti anthu amene akhala pamodzi nthawi yaitali khoti lingathe kuwatenga ngati okwatirana, chinthu chimene kuno kwathu tilibe. Koma lamulo lomwelo linatseka chitseko: ayenera kukhala mwamuna ndi mkazi, ndipo limayang'ana mmene munthu anabadwira.

Ku South Africa zinayenda mwina, ndipo apa m'pamene pali phunziro. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 1996 analetsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Komabe chikwati sichinabwere nthawi yomweyo. Anthu ankapita kukhoti ndi vuto limodzi limodzi. Mu 1999 inali nkhani ya chilolezo chokhalira m'dziko kwa mnzako wochokera kunja. Mu 2002 woweruza Kathy Satchwell anawina mlandu woti mkazi amene ankakhala naye azilandira zimene mkazi kapena mwamuna wa woweruza amalandira, ndipo chaka chomwecho khoti linalola anthu awiri otere kulera mwana pamodzi mwalamulo. Ufulu uliwonse unkafuna loya wake ndi zaka zake. Kusiyana kwa kukhalira limodzi ndi chikwati kunaonekera pamenepa. Wokwatira amangoonetsa pepala limodzi ku banki, kuchipatala ndi kwa abwana a penshoni. Wongokhalira limodzi amayenera kutsimikizira khoti kuti chikondi chawo chinali chokhazikika, nthawi zambiri mnzakeyo ali kale m'manda.

Pa 1 Disembala 2005, pa mlandu wa Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, woweruza Albie Sachs anapatsa nyumba ya malamulo chaka chimodzi kuti ikonze lamulo la chikwati. Panabuka mkangano: kodi awapatse chikwati chenicheni, kapena mgwirizano wina wokhala ndi dzina lake? Ambiri mwa eni nkhani anakana chachiwiricho. M'dziko limene linali litangotuluka mu tsankho la mabenchi osiyana ndi zitseko zosiyana, mawu oti "zanu n'zapadera koma n'zofanana" ankamveka ngati nyimbo yakale. Lamulo la Civil Union Act linayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006, aphungu 230 atavomera ndipo 41 atakana. Limalola awiriwo kusankha okha dzina, chikwati kapena mgwirizano, koma ufulu wake ndi umodzi. Gawo lonena za anthu ongokhalira limodzi osalembetsa analichotsamo, akuti lidzakhala ndi lamulo lakelake. Analilemba mu 2008, koma silinadutse.

Mlandu umene umandikhudza kwambiri ndi wa Mark Gory. Iye ndi Henry Brooks ankakhala m'nyumba imodzi ku Johannesburg, yolembedwa m'dzina la Brooks. Brooks anamwalira mu 2005 osasiya wilu, ndipo makolo ake anati chuma ndi chawo. Aliyense amene anakhalapo pa maliro kuno kuchigwa akudziwa mmene zimenezi zimakhalira. Mu Novembala 2006 khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula kuti Gory ndiye wolowa chuma, popeza lamulo silinkawalola kukwatirana ngakhale akanafuna.

Chodabwitsa n'chakuti chigamulochi chinasiya mayi wokhala ndi mwamuna popanda chikwati ali kumbuyo. Mu 2005, pa mlandu wa Volks ndi Robinson, khoti lomwelo linali litakana kupatsa mayi wotere chithandizo kuchokera pa chuma cha malemu, poti akanatha kukwatiwa akanafuna. Amene anabwera kudzagwetsa ganizoli ndi Jane Bwanya, mayi wa ku Zimbabwe amene ankagwira ntchito yapakhomo ku Cape Town. Ankakhala ndi Anthony Ruch, ndipo ankakonza zopita ku Zimbabwe kukakamba za malowolo pamene mwamunayo anamwalira mu 2016. Pa 31 Disembala 2021 khoti linavomereza kuti amayi ambiri sasankha okha kukhala opanda chikwati, ndipo linatsegula njira yoti iwonso azilowa chuma. Mwa milandu imene linaimirapo munali wa Gory.

Kuno kwathu kulibe zonse ziwiri kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, chikwati ngakhale mgwirizano. Gawo 155 la Penal Code, limene tinatengera kwa atsamunda, linakhwimitsidwa mu 2005 kuti chilango chiziyambira zaka 15 mpaka moyo wonse. Mu Novembala 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15. Kazembe wa America Daniel Foote atadzudzula chigamulocho anachoka m'dziko, ndipo mu Meyi 2020 Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira. Mozambique, amene timagawana naye malire, anachotsa chilango chotere mu 2015, ngakhale chikwati sanachilole.

Ine sindikuona aphungu athu akukhudza nkhaniyi posachedwa, ndipo ndikaitchula pa wailesi foni imadzaza ndi mkwiyo. Koma mayi woimba foni uja ali pomwe Jane Bwanya anali mu 2016. Chimene ndimamuuza iye ndi aliyense wokhala ndi munthu popanda chikwati ndi chimodzi: lamulo lina la mu 1989 limalola kulemba wilu n'kutchulamo amene mukufuna, pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandirapo kanthu.