Ulendo Wautali Wobwerera Kwao

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula m'chaka cha 1986, tidaona abale athu a ku Mozambique akukhamukira ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu, mpaka chiwerengero chao chidafika miliyoni imodzi. Pothawa usiku, mai ankalowera kwina, mwana kwina. A Red Cross ankalemba maina ndi kutumiza makalata m'misasa. Koma nanga mwana wosadziwa ngakhale dzina la mudzi wake akadamlemba bwanji? Ana otere ankangowajambula zithunzi n'kumazionetsa m'midzi, kuti mwina wina angawazindikire.

Pangano la mtendere adalisainira ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Kusaina kudatha tsiku limodzi, koma kubwerera kwao kudafika mpaka 1995, ndipo m'njira zambiri munali mabomba okwirira. Ena atafika adangopeza bwinja, ndi manda osadziwika mwini wake.